Kodi katundu wanu sakuphwanya patenti ya wina? Kuyerekeza njira zofufuzira kwa amisiri ndi amalonda a ku Dedza ndi Ntcheu

M'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Chimbiya, kudzera pa boma la Dedza ndi pa Lizulu mpaka kukafika ku Ntcheu, muli amisiri ambiri owotcherera zitsulo amene amapanga makina otongolera chimanga, mapampu othirira mbewu kudimba, mbaula zosatha nkhuni ndi makina odulira mbatatesi za tchipisi. Ambiri mwa iwo anaphunzira ntchitoyi pomasula makina ochokera kunja, kuona mmene anawalumikizira, kenaka n'kupanga awo ndi zitsulo zopezeka kuno. Palinso amalonda amene amaoda katundu ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg n'kumagulitsa m'mashopu mwawo. Malonda akakhala ochepa palibe amene amafunsa za patenti. Funsoli limatulukira tsiku limene bungwe lothandiza alimi likufuna kugula makina ambiri nthawi imodzi ndipo likupempha chitsimikizo chakuti makinawo sadzabweretsa mlandu, kapena pamene mmisiri akufuna kutenga ngongole yokulitsira ntchito yake, kapenanso pamene kwafika kalata ya loya youza munthu kuti asiye kupanga chinthu chimene wakhala akudyera.

Njira zoyankhira funsoli zilipo zingapo, ndipo zimasiyana mtengo, nthawi imene zimatenga, komanso kulimba kwa yankho limene zimapereka. Koma musanasankhe njira, muyenera kudziwa chimene mukufufuza, chifukwa ambiri amataya nthawi ndi funso lolakwika, lakuti, “Kodi makina anga akufanana ndi a kampani yakutiyakuti?” Kufanana pakokha si mlandu wa patenti. Chofunika kudziwa n'chakuti kodi pali patenti imene ili ndi mphamvu ku Malawi, kodi patentiyo ikadali yamoyo, ndiponso kodi mawu ake akukhudzadi katundu wanuyo. Limodzi mwa mafunso atatuwa likayankhidwa kuti ayi, ndiye kuti patentiyo singakugwireni.

Patenti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira chipangizo kapena njira yatsopano yochitira ntchito, ndipo chimamupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga, kugwiritsa ntchito, kugulitsa kapena kulowetsa m'dziko chinthucho kwa zaka zowerengeka. Onani kuti wogulitsa ndi woitanitsa katundu alimo, osati wopanga yekha. Koma mphamvu imeneyi imathera m'malire a dziko limene laipereka. Patenti ya ku China, ya ku America kapena ya ku South Africa ilibe mphamvu iliyonse pa Lizulu, ndipo patenti ya dziko lonse lapansi kulibe. Kuti mwini luso atetezedwe ku Malawi, makomo ndi awiri okha. Loyamba ndi ofesi ya boma yolembetsa makampani, zizindikiro za malonda ndi mapatenti, imene anthu amaidziwa ndi dzina la Registrar General. Lachiwiri ndi ARIPO, bungwe la mayiko angapo a mu Africa lolembetsa mapatenti, limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka m'chaka cha 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Potsatira pangano la Harare la 1982, munthu amapereka pempho limodzi ku ARIPO n'kutchula mayiko amene akufuna kutetezedwako, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene angatchulidwe. Palinso pangano la mayiko ambiri lokhudza mapempho a patenti lotchedwa PCT, limene dziko lathu linalowamo mu 1978, koma pempho la PCT si patenti. Ntchito yake ndi kusungira wopempha malo kwa miyezi 30 kapena 31, ndipo nthawiyo isanathe ayenera kulowa pa limodzi mwa makomo awiri aja ngati akufuna chitetezo kuno.

Patenti imafanso. Ya ku ARIPO imakhala zaka 20 kuchokera tsiku limene pempho linaperekedwa, monga mmene zilili m'mayiko ambiri, pamene lamulo lathu la mapatenti la 1957 linaika zaka 16. Ngakhale zakazo zisanakwane, mwini wake amayenera kulipira ndalama chaka ndi chaka kuti patenti ikhalebe yamoyo, ndipo ambiri amasiya kulipira m'mayiko amene malonda awo sakuyenda. Alimi a mbatatesi ku Bembeke ndi ku Tsangano amadziwa bwino mankhwala a mancozeb amene amapopera poteteza mbewu ku chiwawu. Mankhwalawa anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, patenti yake inatha kalekale, n'chifukwa chake lero makampani ambiri amawapanga ndipo m'shopu imodzi mumapezeka mapaketi a mayina osiyanasiyana. Chimene sichinathe ndi dzina lakuti Dithane, chifukwa limenelo ndi chizindikiro cha malonda, ndipo chizindikiro chimakhalabe cha mwini wake malinga akuchikonzanso nthawi yake ikakwana.

Kuyang'ana pa katundu ndi kufunsa wogulitsa

Njira yoyamba, imene aliyense amayambira, ndiyo kuyang'ana kachitsulo kolembedwa dzina la kampani kamene kamakhomedwa pa makina, kapena pa katoni ndi m'kabuku ka malangizo. Nthawi zina mumapezamo nambala ya patenti, nthawi zina mawu akuti patent pending, amene amangotanthauza kuti pempho linaperekedwa kwinakwake koma yankho lisanatuluke. Njirayi ndi yaulere ndipo nambala imene mwaipezayo ndi poyambira pabwino kwambiri. Zilembo ziwiri zoyambirira zimakuuzani kumene chikalatacho chinachokera: CN ndi China, US ndi America, ZA ndi South Africa, IN ndi India, EP ndi ofesi ya mayiko a ku Ulaya, WO ndi pempho la PCT, AP ndi ARIPO, ndipo MW ndi Malawi. Koma kusowa kwa nambala sikutsimikizira kanthu, ndipo kupezeka kwake sikutanthauza kuti chitetezocho chinafika kuno.

Kwa wamalonda woitanitsa katundu, kufunsa wogulitsa kuli ndi phindu pokhapokha yankho litalembedwa. Mawu a pa WhatsApp akuti palibe vuto sangakuthandizeni kukhoti. Chimene chimathandiza ndi ndime ya m'pangano la malonda yonena kuti wogulitsayo akutsimikiza kuti katunduyo sakuphwanya ufulu wa wina ku Malawi, ndipo kuti mlandu ukabuka iye ndiye adzasenze zolipira. Ngakhale pamenepo, ndime yotereyi siletsa mwini patenti kukusumirani inuyo, imangokupatsani pokadandaula pambuyo pake, ndipo kulondola ndalama kwa kampani ya ku Guangzhou muli ku Ntcheu si ntchito yamasewera. Ndimaiona njirayi ngati yowonjezera pa zina, osati yoti munthu n'kuigonera.

Kufufuza nokha pa intaneti

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa njira imeneyi ndi imene mmisiri wa kuno angaikwanitse ndi foni komanso bandulo, ndipo imamuphunzitsa zambiri ngakhale atadzafunabe loya pambuyo pake. Malo aulere odalirika ndi atatu: Espacenet ya ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya, imene ili ndi zikalata zoposa 100 miliyoni, PATENTSCOPE ya bungwe la WIPO la ku Geneva, loona za umwini wa luso padziko lonse, ndi Google Patents, imene ndi yosavuta kwa woyamba kumene ndipo imamasulira m'Chingerezi zikalata za Chitchaina. Nalonso bungwe la ARIPO lili ndi pofufuzira pake pa intaneti ndipo limasindikiza magazini yolengeza mapempho ndi mapatenti amene aperekedwa.

Ngati muli ndi nambala, ilembeni, ndipo chikalata chikatseguka yang'anani tsamba loyamba. Pa tsambali pali timanambala ta m'mabulaketi timene timatanthauza zofanana m'dziko lililonse, kotero kuti ngakhale chikalata cha chilankhulo chimene simuchidziwa mutha kuchiwerenga. Pa (22) pali tsiku limene pempho linaperekedwa, pa (30) pali tsiku la pempho loyambirira ngati linayambira kudziko lina, pa (71) pali wopempha, pa (73) pali mwini patenti, ndipo pa chikalata cha ARIPO, (84) imaonetsa mayiko amene anatchulidwa. Ngati tsiku la pa (22) lapitirira zaka 20, nthawi zambiri nkhani yatha pomwepo. Ngati silinapitirire, fufuzani chimene amachitcha patent family, kutanthauza mndandanda wa zikalata zonse zimene zinabadwa kuchokera ku pempho limodzi m'mayiko osiyanasiyana. Mukufuna kuona ngati pa mndandandawo pali AP kapena MW. Mukapeza kuti pali CN yokha, ndipo papita zaka zoposa zitatu chiperekereni pempho loyamba, n'zokayikitsa kwambiri kuti mwini wake angabwerenso kuno, chifukwa pangano la mayiko lotchedwa la Paris limamupatsa miyezi 12 yokha yokapempha m'mayiko ena, ndipo njira ya PCT imathera pa miyezi 31 ku ARIPO. Onaninso chilembo cha kumapeto kwa nambala. M'maofesi ambiri A amatanthauza pempho chabe, pamene B amatanthauza patenti yoperekedwa, ndipo anthu ambiri amachita mantha ndi zikalata za A zimene zinakanidwa kapena kusiyidwa panjira.

Ngati mulibe nambala, mufufuza ndi mawu komanso ndi magulu. Mawu okha amaphonya zambiri, chifukwa olemba mapatenti sakonda kutchula chinthu ndi dzina lake lodziwika. Chimene chimathandiza ndi kagawidwe ka IPC, kamene kamaika luso lililonse m'gulu lake. Makina otongolera chimanga ali pa A01F 11/06, mbaula za nkhuni ndi makala zili pa F24B, mapampu ambiri opopa ndi pisitoni ali pa F04B, ndipo makina osendera ndi kutsukira zokolola monga mbatatesi ali pa A23N. Mukalemba gulu n'kusankha zikalata za AP zokha, mndandanda umafupika kwambiri moti mutha kuuwerenga wonse madzulo amodzi.

Kufooka kwa njirayi kuyenera kunenedwa mosabisa. Malo aulerewa saonetsa mokwanira zimene zili m'kaundula wa maofesi aang'ono ngati yathu, ndipo nthawi zambiri sanena ngati ndalama za chaka ndi chaka zikulipidwa ku Malawi. Komanso mapempho amakhala obisika kwa miyezi 18 asanasindikizidwe, choncho chinthu chimene changotuluka kumene pamsika chikhoza kukhala ndi pempho limene palibe angalione. Kusapeza kanthu pa intaneti ndi chizindikiro chabwino, koma si chitsimikizo.

Kuwerenga malire a patenti

Tiyerekeze kuti mwapeza patenti ya AP yotchula Malawi, ndipo zojambula zake zikufanana ndi makina anu. Musafulumire kutaya mtima, ndipo musaweruze ndi zithunzi kapena ndi mutu wa chikalata. Gawo limene lili ndi mphamvu ya lamulo ndi ndime za manambala zimene zimatchedwa claims. Ndimezi zili ngati malire a munda: mwini munda akhoza kufotokoza za dera lonse, mapiri ndi mitsinje yake, koma chake ndi chokhacho chimene chili m'kati mwa malire, ndipo woyenda kunja kwake sanalakwe.

Nachi chitsanzo chongopeka pofuna kuonetsa kawerengedwe. Ndime yoyamba ikuti: makina otongolera chimanga okhala ndi bokosi lachitsulo, mgolo wozungulira wa mano m'kati mwa bokosilo, sefa pansi pa mgolo, ndi fani youluzira zinyalala yomangidwa pa shafiti imodzimodzi ndi mgolowo. Tengani pepala, lembani zinthu zinayizi chilichonse pamzere wake, kenaka imani pafupi ndi makina anu n'kumachonga. Bokosi lilipo, mgolo wa mano ulipo, sefa ilipo. Mukafika pa fani, mukupeza kuti yanu ili pa shafiti yakeyake ndipo imazungulira ndi lamba wochokera ku injini. Chinthu chimodzi chasowa, ndipo mwa lamulo lodziwika, katundu amaphwanya ndime pokhapokha ngati ali ndi zonse zimene ndimeyo yatchula. Koma ngati zinayi zonse zilipo, ndiye kuti mwalowa m'malire, ngakhale mutawonjezera matayala, chothiriramo chimanga chachikulu ndi penti ya mtundu wina. Apa ndi pamene amisiri ambiri amanamizana, ponena kuti ukasintha pang'ono kapena ukawonjezera chako ndiye kuti wapulumuka. Kuwonjezera sikupulumutsa. Chimene chimapulumutsa ndi kusowa kwa chimodzi mwa zimene zatchulidwa.

Ndime zina zimayamba ndi mawu akuti makina a m'ndime yoyamba, okhalanso ndi chakuti. Zimenezi zimatsamira pa ndime yoyamba, kotero ngati simunaphwanye yoyambayo simungaphwanye izo. Koma patenti imodzi ikhoza kukhala ndi ndime zingapo zoima pazokha, mwachitsanzo ina yonena za makina, ina yonena za njira yogwiritsira ntchito, ndipo iliyonse iyenera kuchongedwa payokha. Chenjezo lina ndi lakuti makhoti a m'mayiko ambiri samangowerenga mawu okha. Ngati mwasintha chinthu chopanda pake, monga kumanga ndi mabawuti pamene patenti ikunena zowotcherera, koma makinawo akugwira ntchito mofanana ndendende, woweruza akhoza kunena kuti mwatenga mtima wa lusolo. Kudziwa pamene kusintha kwenikweni kumayambira ndi nkhani imene munthu wosaphunzira malamulo amalephera kuigamula yekha, ndipo ndi pamenepa pamene ndalama yolipira katswiri imakhala ndi phindu.

Kufunsa ku ofesi zosunga kaundula

Funso lakuti patenti ikadali yamoyo ku Malawi limayankhidwa bwino ndi osunga kaundula eni ake. Ku ofesi ya Registrar General mutha kupempha kuti akufufuzireni, polipira ndalama imene ofesiyo inakhazikitsa, ndipo ku ARIPO mutha kufunsa za patenti ya AP imene nambala yake mukuidziwa. Muzifunsa zinthu zenizeni: kodi patenti nambala yakuti inaperekedwa, kodi Malawi anatchulidwa ndipo sanaikane, kodi ndalama za chaka chino zinalipidwa, ndipo mwini wake panopa ndani. Zakukanazo n'zofunika, chifukwa pangano la Harare limapatsa dziko lililonse lotchulidwa nthawi yoikika yoti linene ngati patentiyo sidzakhala ndi mphamvu m'dziko mwake. Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi chidindo. Mukauzidwa kuti patenti inafa chifukwa chosalipira, funsaninso kuti inafa liti, popeza malamulo amapereka nthawi yoti wochedwa alipire ndi chindapusa, ndipo nthawi zina patenti yakufa imatha kudzutsidwa.

Njirayi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kulemba loya, ndipo yankho lake pa nkhani ya moyo wa patenti ndi lolimba kuposa la pa intaneti. Koma ogwira ntchito m'maofesiwa sangakuuzeni ngati makina anu akuphwanya patenti kapena ayi, chifukwa imeneyo si ntchito yawo. Kwa munthu wa ku Dedza kapena Ntcheu pamakhalanso ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, choncho ndi bwino kuyamba mwaimba foni kapena kulemba kalata kuti mudziwe zofunika musanakwere minibasi.

Kulemba loya wodziwa za mapatenti

Maloya amene amagwira ntchito imeneyi amapereka kalata ya uphungu yodziwika ndi dzina lakuti freedom to operate, kutanthauza ufulu wopanga kapena kugulitsa popanda kuphwanya patenti ya wina. Amafufuza m'makaundula, amawerenga ndime za claims pamodzi ndi zojambula za katundu wanu, amaona mmene makhoti angatanthauzire mawu ovuta, ndipo amaunikanso ngati patentiyo ndi yolimba. Mfundo yotsirizayi anthu saidziwa kwenikweni: patenti yoperekedwa ikhoza kufafanizidwa ngati zitaoneka kuti lusolo linali lodziwika kale tsiku la pempho lisanafike, kaya m'buku, m'patenti yakale, kapena pa makina amene ankagulitsidwa poyera. Maofesi ena, monga ya ku South Africa, akhala akupereka mapatenti kwa zaka zambiri popanda kufufuza mozama ngati lusolo ndi latsopanodi, kotero chikalata chooneka choopsa chikhoza kukhala chofooka.

Iyi ndiyo njira yodula kuposa zonse, ndipo akatswiri ake ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Si loya aliyense amene amadziwa kuwerenga patenti, choncho funsani mosapita m'mbali ngati anagwirapo ntchito yotereyi, ndipo bungwe la Malawi Law Society lingakuthandizeni kutsimikiza kuti munthuyo ali ndi chilolezo. Kalata yake ndi uphungu, si chigamulo, ndipo imangokhudza katundu amene munamuonetsa, dziko limene munatchula ndi tsiku limene anafufuza. Ndikuona kuti mmisiri wopanga makina awiri kapena atatu pamwezi, a luso limene lakhalapo kuyambira kale, safunika kufika pamenepa. Koma amene akufuna kugula zipangizo zodula zopangira katundu wambiri, kusaina kontilakiti yaikulu, kugulitsa kunja, kapena amene walandira kale kalata yomuopseza, asazengereze. Mwini patenti akapambana mlandu, khoti likhoza kulamula kuti musiye kupanga ndi kugulitsa, kuti mulipire zimene iye wataya kapena phindu limene mwapeza, ndiponso kuti katundu wotsala aperekedwe. Mtengo wa loya umatsika ngati mwapita mutafufuza kale, muli ndi manambala a zikalata ndi pepala lanu lochonga lija m'manja.

Kulembera mwini patenti, kapena kusintha kapangidwe

Ena amaganiza kuti njira yachidule ndiyo kungolembera kampani imene ili ndi patenti n'kuifunsa ngati ikuona vuto. Nzoona kuti safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi muyenera kusamala amene mukumufunsa ndi nthawi yofunsira. Mwini patenti si munthu wapakati, adzawerenga ndime zake mokomera iye mwini, ndipo kalata yanu idzakhala umboni wakuti munkadziwa. Nthawi yoyenera kumulembera ndi pamene mwatsimikiza kale kuti patenti ndi yamoyo kuno, kuti katundu wanu ali m'malire ake, ndipo mukufuna kupempha laisensi, kutanthauza chilolezo chopanga kapena kugulitsa polipira ndalama yogwirizana. Kampani yakunja imene ilibe woiimira ku Malawi nthawi zina imakondwera kupeza wopanga wa kuno, ndipo laisensi imatha kubwera ndi zojambula komanso maphunziro amene amakweza luso lanu.

Njira imene ndimaikonda kwambiri kwa amisiri athu ndi yosintha kapangidwe mwadala, kapena kumanga pa mapatenti amene anatha. Mu chitsanzo chija, kusamutsa fani kuti ikhale ndi shafiti yake ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa wowotcherera waluso. Ndipo chikalata chilichonse cha patenti chimayenera kufotokoza lusolo momveka bwino kuti katswiri wina athe kulipanga, ndiwo mtengo umene mwini wake amalipira posinthanitsa ndi chitetezo. Zikutanthauza kuti m'malo ofufuzira aja muli zojambula zambirimbiri za mapampu, zotongolera, zowumitsira zokolola ndi mbaula zimene zaka zake zinatha, kapena zimene sizinalembetsedwe kuno n'komwe, ndipo aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito ku Malawi. Mmisiri amene wasunga chikalata cha zaka zoposa 20 chosonyeza kapangidwe kofanana ndendende ndi kake ali ndi chodzitetezera champhamvu kwambiri, chifukwa chimene chinali chodziwika kale sichingakhale cha munthu wina lero.

Malire a Mozambique ndi zinthu zimene si patenti

Maboma a Dedza ndi Ntcheu ali ndi nkhani yawoyawo imene a m'maboma ena sangaiganizire msanga. Pa Lizulu ndi madera ena a msewu wa M1, tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ndipo makina opangidwa ku Ntcheu amagulidwa ndi alimi a ku Angónia kudzera pa Biriwiri kapena pa chipata cha Dedza. Yankho limene mwapeza la Malawi silikhudza Mozambique. Dzikolo nalonso lili m'pangano la Harare, monganso Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, choncho patenti imodzi ya AP ikhoza kutchula Mozambique n'kusiya Malawi, kapena kukhala yamoyo uko pamene kuno inafa. Poyang'ana pa (84) paja, onani MZ pamodzi ndi MW. South Africa si membala wa ARIPO, ndipo wofuna kugulitsa kumeneko ayenera kufufuza m'kaundula wa dzikolo payekha.

Ndiyeneranso kunena kuti kwa amisiri ndi amalonda ambiri a kuno, ngozi yapafupi si patenti koma chizindikiro cha malonda. Mukhoza kukhala ndi ufulu wonse wopanga pampu yofanana ndi ya kampani ina, koma kulemba dzina la kampaniyo pa pampu yanu, kapena kukopera chizindikiro ndi kapakidwe kake kuti ogula aziganiza kuti ndi yomweyo, ndi mlandu wina pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018. Maonekedwe a kunja kwa chinthu amathanso kulembetsedwa pawokha, ndipo ARIPO imalembetsanso luso laling'ono lotchedwa utility model, limene chitetezo chake ndi cha zaka 10, choncho pofufuza musaphonye zimenezi. Ochulukitsa mbewu ya mbatatesi kapena nyemba akumbukire kuti mitundu yatsopano ya mbewu ili ndi lamulo lakelake loteteza oipanga. Chiphaso cha Malawi Bureau of Standards nacho ndi chofunika pa malonda, koma chimanena za ubwino wa katundu, osati za umwini wa luso.

Posankha, yambani ndi kuyeza ndalama zimene zingatayike ndi kumene mukufuna kugulitsa. Wopanga zochepa zogulitsa m'boma lake atenge nambala pa makina amene anaonera, afufuze pa Google Patents ndi Espacenet, aone zikalata za AP za m'gulu la katundu wake, ndipo aike dzina lakelake pa zimene wapanga. Akapeza chikalata cha AP kapena MW chosapitirira zaka 20, afunse ku kaundula ngati chili chamoyo, ndipo chikakhala chamoyo achonge ndime zake mzere ndi mzere. Zikakhala kuti zonse zachongeka, kapena chasiyana ndi chinthu chimodzi chokayikitsa, apite kwa loya asanawotcherere makina ena. Woitanitsa katundu achite zomwezo asanatumize ndalama, osati katundu atafika kale pa chipata. Pa gawo lililonse sungani zimene mwapeza: tsiku limene munafufuza, mawu ndi magulu amene munagwiritsa ntchito, zikalata zimene munatsitsa ndi mayankho a ku ofesi. Ndipo ngati katunduyo ndi wa luso limene langotuluka kumene, bwerezani kufufuzako pakapita chaka ndi theka, nthawi imene mapempho amene anali obisika pa tsiku loyamba lija amakhala atasindikizidwa.